Thirakitala ya Alamu

Lolemba, 6 Meyi

Alamu atuluka m'chipatala lero. Sitiroko. Mbali yakumanja yonse yafa, pakamwa papotoka, mawu palibe. Achemwali anandiimbira kuti ndikathandize kuwatsitsa m'galimoto. Munthu amene ankadzutsa yekha njinga yamoto yolemera ngati ng'ombe, lero ndamunyamula ngati mtolo wa zovala zochapa.

Awapatsa njinga ya olumala. Ndinati ndiwaseke pang'ono. "Alamu, tsopano mwapeza yosadontha oilo." Anangondiyang'ana. Achemwali ananyamuka n'kulowa kuchipinda. Pakamwa pangapa.

Lachinayi, 9 Meyi

Mwana wawo wamkazi, amene ndi namwino, wabwera kuchokera kumzinda kumene amagwira ntchito. Akuti, "Amalume, muzilankhula nawo zimene amazikonda, mwina mutu ungagwire." Nanga ine ndi bambo akewo tinalankhulapo chiyani china kupatula kukangana?

Zinayamba tsiku limene anabwera kudzafunsira achemwali. Anafika pa njinga ya ku Amereka, yakuda, yamatako aakulu, imene anagula kwa mzungu wa kampani yamisewu amene ankabwerera kwawo. Mawindo a nyumba yathu ananjenjemera. Ine ndinali ndi yanga ya ku Japan, yofiira, yatsopano, yolira pa kiki imodzi. Anaizungulira, n'kufunsa, "Kaudzudzu aka n'ka ndani?" Ndinati, "Nanga thirakitala iyi mwailowetsa bwanji pabwalo pa eni?" Basi. Ku galaja kumene tinakalambira tonse, anthu anaiwala maina athu. A Udzudzu ndi a Thirakitala.

Lero ndinakhala pambali pa bedi n'kuinyoza thirakitala yawo ija. Imamwa petulo ngati chidakwa. Paliponse pamene yaima imasiya chithaphwi ngati galu. Pakona imafuna msewu wonse. Kale akanadumpha, mitsempha ya pakhosi ili njo, kuti yanga ndi makina osokera, yopangidwa ndi zitini za mkaka, ikatha n'kungotaya. Lero zii. Ntchentche inatera pamphumi pawo, ndinaiingitsa ndine.

Loweruka, 11 Meyi

Ndalowa m'kashedi kakuseri kwa nyumba yawo. Thirakitala ija ili pansi pa lona. Matayala aphwa, makoswe adya mpando. Pasimenti chithaphwi cha oilo, chouma, chakuda bii. Ndinagwira chogwirira, chidakali ndi podyeka pamene chala chawo chinkakhala.

Maganizo andibwerera: itati ilire, aimve. Mawu anga sakufika, koma phokoso lija limalowera pachifuwa. Ngakhale ine ndinkalimva m'nthiti, kungoti sindinawauzepo.

Achemwali akuti, "Itengeni, achimwene, ndatopa nayo. Mkazi mnzanga ameneyo." Sanaseke. Wowotcherera wa pakona wandithandiza kuikankha mpaka kwathu. Tinapumira panjira kangapo. Anyamata onyamula anthu pa njinga za masiku ano anaima n'kumatijambula pafoni. Wina akuti, "Madala, imeneyo ndi ya nkhondo iti?"

Yaima m'khonde pambali pa yanga. Ikuoneka ngati mayi ndi mwana.

Lachitatu, 15 Meyi

Masipanala anga sakugwira. Ndinaiwala. Mabawuti a ku Amereka ndi a mainchi, anga onse ndi a mamilimita. Bokosi la masipanala la alamu linasowa chaka chimene galaja inatsekedwa. Ndazungulira masitolo a zitsulo, ogulitsa sakudziwa n'komwe chimene ndikunena. Wowotcherera wapala sipanala yanga imodzi mpaka yalowa. Zala zanga zasupuka.

Pomasula thanki ndinakumbukira mpikisano wa kumsewu wakuseri kwa fakitale. Galaja yonse inabwera, ndi amayi ogulitsa tiyi omwe. Poyambira anandisiya m'fumbi, sindikana. Pakona ya pamlatho ndinawadutsa nditagona pathanki. Pobwerera tcheni chawo chinaduka. Ndinawakoka ndi chingwe mpaka kugalaja, udzudzu kukoka thirakitala, anthu akugwa ndi phwete. Mwezi wathunthu sanandipatse moni. Tsiku lina akungoti, "Mlamu, zija sizinawerengedwe, tcheni chinali cha ku Japan." Bodza lamkunkhuniza. Ndinali nditachiona ndekha.

A galaja aja atsala angati? Kapitawo anapita. Wa magetsi anapita. Amene angachitire umboni kuti ndinapambana palibenso.

Lamulungu, 19 Meyi

Ndawameta ndevu. Khungu lalendewera, lezala likukana kuyenda. Achemwali aonda, akugona pampando chifukwa chowatembenuza. M'nyumba mukununkha mankhwala ndi sopo.

Ndinawafotokozera za mpikisano uja mokhotetsa dala, kuti ndinawasiya kuyambira poyambira penipeni. Ndimati mwina bodza liwapsetsa mtima. Diso lakumanzere linatuluka msozi. Ndinaitana namwino msanga. Anapukuta ndi kansalu. "Limatero lokha, amalume. Kuyambira kuchipatala."

Ndabwera wapansi, sindinafune minibasi. Kunyumba sindinadye.

Lachisanu, 24 Meyi

Kabuleta ndatsuka kawiri. Thanki inali ndi dzimbiri ngati dothi. Moto sukufika ku mapulagi. Zida zake kuno kulibe, amene akuti angaitanitse kunja akutchula mitengo ya maloto.

Ndachita chinthu. Ndamasula yanga. Batire, mawaya, paipi ya petulo, koilo, zonse ndasamutsira m'mimba mwa thirakitala. Zina ndadula, zina ndamanga ndi mphira. Alamu atadziwa kuti m'kati mwa njinga yawo muli za ku Japan akanadzuka pabedi paja kudzandimenya. Bwenzi zili bwino.

Yanga yaima yang'ambika pamimba ngati mbuzi yosendedwa. Sinandikhumudwitsepo, ngakhale m'mawa wa chisanu. Ndaifunditsa lona lija kuti ndisamaione.

Kiki ya thirakitala ndi ya anthu amphamvu. Ndakwerapo ndi thupi lonse, inandibwezera, bondo latupa. Inatsokomola kamodzi. Kamodzi kokha.

Lachiwiri, 28 Meyi

Yalira! Cha m'ma teni m'mawa, wowotcherera ataponda kiki, ine nditagwira mafuta. Malata a khonde ananjenjemera, utsi pabwalo ponse, agalu a mzere wonse kuuwa. Ndinakhala pansi pafumbi n'kumaseka ndekha ngati wozungulira mutu. Ndivomere pano poti palibe aone: kaliridwe kameneka yanga sinakhalepo nako. Yanga imaimba ndi mphuno. Iyi imalankhula.

Mawa ndipita nayo. Achemwali sindinawauze, ndikufuna adzidzimuke. Ndatulutsa jekete lachikopa, lathina pamimba.

Lachitatu, 29 Meyi

Ndalakwitsa.

Anali pakhonde pa njinga yawo ya olumala ija, akuothera dzuwa, bulangete m'miyendo. Ndinalowa pageti, ndinaima patsogolo pawo penipeni, n'kukoka mafuta. Ndinkayembekeza chiyani kaya. Kuti amwetulire? Kuti anditukwane?

Anachita mantha. Maso tong'o, dzanja lamoyo lija likufufuza khutu, thupi likugwedezeka mpaka anapendekera kumbali. Ndinazimitsa msanga koma zinali zitachitika. Anadzinyowetsa. Ndipo analira, kulira kwa mwana, n'kutulutsa liwu loyamba chidwalireni: "Amayi." Amayi awo anamwalira ine ndisanamere ndevu.

Achemwali anatuluka ndi thovu la sopo m'manja. Sanakuwe. Akuti, "Achimwene, mwakula liti inu? Chotsani chinthu chanucho." Ndinati ndithandize kuwanyamula, anandikankha ndi chigongono.

Sanaizindikire. Njinga imene ankaipukuta Lamulungu lililonse asanasambe okha. Kwa iwo linali phokoso chabe.

Ndinaikankha pobwerera, sindinafunenso kuiliza. Bondo likuwotcha.

Loweruka, 1 Juni

Achemwali sakuyankha foni. Ndafika pageti dzulo, ndinabwerera.

Namwino wabwera yekha masana. Anakhala pa mpando wa m'khonde, chikwama pamiyendo. Sanandidzudzule, ndiye zinandipweteka kwambiri. Akuti wakambirana ndi mwamuna wake, awatenga onse awiri akakhale nawo kumzinda kuja, pafupi ndi chipatala chachikulu. Nyumba alowetsamo anthu a lendi. Ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu pabasi, ndipo ine msana sundilolanso.

Ndinafunsa ngati n'chifukwa cha Lachitatu lija. Akuti, "Ayi amalume, tinaganiza kale." Anayang'ana pansi.

Za njinga akuti ndione ndekha chochita, kwawo kulibe poiika. Potuluka anaisisita pathanki. "Ankandikhazika apa ndili wamng'ono. Ndinkaopa, koma sindinkanena."

Lolemba, 10 Juni

Ananyamuka Loweruka. Ndinapita kukanyamula katundu, palibe anandithamangitsa. Achemwali anandipatsa makapu ndi wailesi yakale, akuti kumeneko ziliko kale. Tinakumbatirana mwamsangamsanga ngati anthu a kutchalitchi.

Alamu anawagoneka kumpando wakumbuyo, mapilo mbali zonse. Ndinalowetsa mutu pawindo. Ndinakonza zoti ndinene, zabwinobwino, zaulemu. Zonse zinathawa. Ndinangowagwira phazi. Lozizira, m'sokosi za mwana wawo. Ankayang'ana denga la galimoto.

Anafika bwino, watumiza uthenga namwino. Akuti alamu akudya pang'ono.

Dzulo wowotcherera anabwera, akuti tibwezere zida m'malo mwake kuti ngakhale imodzi iziyenda, poti thirakitala sindikuilizanso. Anafunsa kuti tiyambe ndi iti. Ndinati abwere tsiku lina.

M'mawa uno kapu ya tiyi yandipulumuka. Sindinaimve ikuchoka m'manja, ndinangomva kusweka. Dzanja lamanja lachita dzanzi kuyambira pachigongono, ndipo silikutha. Zilembo izi zikupendama, ndikuziona. Ndayang'ana pagalasi, pakamwa pali bwinobwino, ndikuganiza choncho. Dzanjali mwina ndinaligonera. Mwina ndi kukankha kuja.

Foni ili patebulopa. Namwino ali kale ndi wodwala mmodzi, ndipo achemwali angoyamba kumene kugona pabedi. Ndidikire kaye mpaka madzulo, ngati zala zi