Phunziro Limene Fred Anasiya M'njira

3 Meyi 1966
Tapangana ndi Fred, mwamuna wa mlongo wanga Justina. Mayeso a ukalaliki ali pa 27 ku Fort Jameson. Azungu akupita, mipando ikutsala, koma kuchigwa kuno akufuna munthu mmodzi yekha, wa pa boma ku Jumbe. Aphunzitsi a Mweemba, Mtonga wa pasukulu ya ku Kakumbi, avomera kutithandiza masamu ana akaweruka. Vuto ndi mapira. Akucha, ndipo anyani sadziwa za mayeso. Ndiye tizisinthana: wina pansanja, wina kusukulu, wobwerako aphunzitse mnzake zonse. Njinga yanga, munda wa amayi. Fred wabweretsa mutu wake basi, ati ndi wokwana.

5 Meyi
Ulendo wanga. Maperesenti. A Mweemba ndi Chinyanja chawo chothyoka: "Mafunso forty, ola limodzi. Wokonda long division adzafera pa namba twelve." Njira yachidule: yamba wapeza 10 peresenti pochotsa ziro. Ya 5 ndi theka lake, ya 20 ndi kawiri. Kusintha uziyeza ndi nambala yakale, osati yatsopano. Zokoma bwanji! Ndamuonetsa Fred pansanja ndi mtedza mpaka wamva. Theka la mtedzawo wadya.

12 Meyi
Ulendo wa Fred. Ine kukuwira anyani tsiku lonse, mawu atha. Wabwera dzuwa litapendeka, tayala lakuphwa. Zatsopano? Ati palibe, kubwereza zomwe zija. Koma ine pansanja ndinatulukira changa: chinthu chikakwera 20 peresenti nkutsikanso 20, ndiye chabwerera pamene chinali, palibe chowerengera. Ndamuuza monyada. Maso ali pa tayala, ati, "Ndi momwemo, alamu. Pamenepo musamatayepo nthawi."

17 Meyi
Ndapalasa pachabe. A Mweemba agwidwa ndi malungo, apita nawo kuchipatala ku Kamoto. Maphunziro athera pomwepo. Tidzapita ndi zimene tili nazo.

27 Meyi
Fort Jameson. Kuzizira, anthu a kumtunda kuno amakhala bwanji? Holo yodzaza, ena ndi mataye. Mafunso okwera ndi kutsika analipo asanu. Lina lake: mvuu 200 zachuluka ndi 20 peresenti, chaka chinacho zachepa ndi 20. Ndinangolemba kuti palibe kusintha, onse asanu, ngakhale kukanda pepala ayi. Ndamaliza nthawi isanakwane. Fred anali akadawerama, akulemba. Ndinamumvera chisoni. Potuluka ndamugulira tiyi ndi banzi, ndalama yanga yotsiriza.

9 Julayi
Mesenjala wafika. Atenga Fred. Ine wachiwiri. Mtima unagwa, sindinama, ndinakakhala kaye kuseri kwa nkhokwe. Kenaka ndati mpandowo walowabe m'mudzi mwathu. Ndapha tambala wanga. Amayi kuvina, Justina nthungululu. Fred sanadye kwambiri.

12 Julayi
Ndakumana ndi a Mweemba panjira ya ku Chinzombo, awonda. Moni sanamalize. "Ignatius, chinachitika nchiyani? Amene ndinkadalira ndi iwe." Ndawauza za mvuu zija. Atsika panjinga, alemba pamchenga ndi chala. 200 kukwera, 240. Potsika, 20 peresenti ndi ya 240, osati ya 200. Ndiye 48. Zatsala 192. Zachepa ndi 4 peresenti. Nambala yakale ija, imene ineyo ndinaphunzitsa Fred ndi mtedza! Manyazi. Ndiye ati, "Koma izi ndinaphunzitsa masana onse pa 12 Meyi. Ndinamuuza Fred kawiri: msampha uli apa, ukamuuze mlamu wako."

Sindikumbuka kuti ndatsanzika bwanji. Njinga ndabwera ndikukankha.

13 Julayi
Fred akanangokhala chete ndikanati anaiwala. Koma ndinamufunsa ndi pakamwa panga, iye nkuti ndi momwemo. Tsiku limenelo ndinali pansanja kulondera mapira amene ana ake akudya lero. Anapita panjinga yanga. Tayala ndinamata ndine. Ndakwiya, ndipo chikundiwawa kwambiri ndi tiyi uja.

Wadutsa m'mawa atavala kabudula watsopano wa khaki. "Mwauka bwanji, alamu?" Ndayankha kuti ndauka. Pakamwa panga ndi popusa.

16 Julayi
Lole ya ku Jumbe ibwera Lolemba. Ndinati Justina asapite osadziwa munthu amene akukhala naye. Ndamupeza yekha akumanga mapoto m'chitenje. Ndafotokoza pang'onopang'ono, kuopa kumupweteka. Sanasiye kumanga. Ati, "Ndikudziwa, achimwene. Anabwera nazo kwa ine tsiku lomwelo, akufuna kudzakuuzani. Ndinamuletsa ndine. Inu ndinu anzeru, mudzalemba chaka chamawa. Ife tili ndi ana atatu."

Kenaka wandipempha njinga yonyamulira katundu kumsewu.

Justina. Amene ndinkamubereka kumsana powoloka Lupande madzi atadzaza. Amayi sindinawauze, ndipo sindikudziwa ngati iwonso ankadziwa.