Khosi la Mkwatibwi ndi Ngozi ya pa Bwalo la Mpira

Msonkhano wadzidzidzi wa komiti ya ukwati wa Abbas ndi Hidaya

Tsiku: Lachitatu, 14 Ogasiti 2024
Malo: Pakhonde pa a Omari, ku Chipoka
Opezekapo: a Omari (wapampando), a Fanny (mlembi), a Kulusumu (azakhali a mkwati), a Shukuru (ankhoswe akuchikazi), a Alex (oona za mayendedwe), Abbas (mkwati)
Opepesa: Hidaya (mkwatibwi), amene dokotala wamulamula kugona chagada

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero la dua, ndipo anapempha kuti anthu alankhule mmodzimmodzi. Pempholi silinatsatidwe.

2. Lipoti la ngozi

A Alex anafotokoza kuti Lolemba anatenga galimoto ziwiri za ukwati kukayeserera kukhotakhota pa bwalo la mpira, popeza mdipiti wa ukwati suyenda chowongoka ngati wa maliro. Iwo akukhotera kumanja, mnzawo woyendetsa galimoto inayo anakhotera kumanzere, onse akuliza hutala, ndipo anakawombana pakati penipeni pomwe amayambira mpira. Mlembi anafunsa ngati panali galimoto ina pabwalopo imene inawapanikiza. Anayankha kuti panalibe ngakhale mbuzi.

Atafunsidwa za malamba, a Alex anati palibe anamanga chifukwa pa bwalo la mpira sipaima apolisi. A Shukuru, amene anasokedwa pachipumi, anati galasi limene anagunda silinafunse ngati pali apolisi.

Ovulala ena ndi a Alex eni, amene anatupa mlomo ataumenyetsa pa chiwongolero, komanso Hidaya, amene wavekedwa kolala yolimba pakhosi kwa mwezi wathunthu. Abbas, yemwe anakhala pambali pa Hidaya m'galimotomo, anati iye ali bwinobwino. Anabwera atakulunga mpango m'khosi ngakhale kunali dzuwa.

3. Khosi la mkwatibwi

A Kulusumu anapempha kuti ukwati wa Loweruka uimitsidwe. Anati mkwatibwi amazyolika pamaso pa apongozi, koma ndi kolalayo Hidaya adzakhala chibwano m'mwamba, kuyang'ana akuchimuna ngati woyang'anira mayeso. Mawu awo, amene anaumiriza kuti alembedwe, ndi awa: “Ife kwathu mkazi wodzutsa mutu tsiku loyamba ayi. Anthu akatinena mpaka ku Maganga.”

A Shukuru anakumbutsa komiti kuti Abbas akubwerera ku Joni Lolemba, ndipo abwana ake sadzamupatsanso tchuthi mpaka chaka chamawa. Anati Hidaya wadikira kale zaka zambiri, ndipo dzulo analira osatha n'kupukusa mutu komwe. Apa mlembi naye chisoni chinamugwira.

A Alex anapereka ganizo loti apongozi akhale kumbuyo kwa mkwatibwi. Wapampando anawauza kuti maganizo awo akwana sabata ino.

4. Chigamulo

Wapampando anafunsa Abbas ngati akugwirizana ndi azakhali ake. A Kulusumu anamuuza kuti asachite manyazi, angogwedeza mutu basi. Abbas anayesa. Mutu sunatsike, koma kunatuluka mawu amene mlembi sangathe kuwalemba. A Shukuru atamuchotsa mpango, zinaoneka kuti khosi lake ndi lotupa ngati mtondo. Anavomera kuti chichitikireni ngoziyo wakhala akutembenuka thupi lonse akaitanidwa, koma anabisa poopa kuti ukwati ulephereka.

“Azakhali,” anatero akuyang'ana khoma, “ngati kuuma khosi ndi mwano, ndiye mwanowo wayambira kwathu kuno. Loweruka ndikukwatira.”

A Kulusumu anapukuta m'maso, nati mwana wa mchimwene wawo sangakhale wamwano, choncho vuto ndi la khosi chabe. Anabweza pempho lawo. Komiti inagwirizana kuti ukwati ulipo, ndipo mipando ya awiriwa iyang'anizane kuti azitha kuonana.

5. Zina ndi zina

A Alex anafunsa tsiku loyesereranso. Wapampando anangopitirira ku mfundo yotsatira.

6. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Lachisanu pamalo omwewa. Wapampando anatseka msonkhano 11 koloko m'mawa kuti mkwati apite kuchipatala, kumene a Kulusumu anati akapempha okha kolala yofanana ndi ya mpongozi wawo.

Omari Saidi, Wapampando
Fanny Kamwendo, Mlembi