Foni Imene Inasunga Mawu a Ababa

Senga Bay, Salima
14 Okutobala

Achimwene anga a Abdallah,

Salaam aleikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Joniko, inuyo, alamu anga ndi ana. Chifuwa chimene chimakuvutani nyengo yozizira chija chinasiya? Kuno tilipo, Alhamdulillah. Amayi miyendo ikutupabe koma akumatuluka panja. Usipa wayamba kufa, mathandala anga onse asanu oyanikapo nsomba ndi odzaza.

Musadabwe kuona pepala ndi bolopeni ngati tabwerera kale. Foni ndilibe, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa kuposa ine. Kalatayi ndapatsira a Lawson, aja amayendetsa basi ya ku Joni, ndawauza akupatseni m'manja.

Ndiyambira pachiyambi ngakhale zina mukuzidziwa. Ndikufuna muziwerenge zili pamzere, mulibe wokudulani pakamwa.

Kutatsala masiku atatu kuti ababa atisiye, anandiitana m'chipinda mwawo. Anati nditenge foni yanga, ija munanditumizira chaka chatha, nditsegule vidiyo. Ndinaiyedzamiritsa ku ketulo pa kampando, iwo atakhala tsonga pa mphasa, atavala chisoti chawo choyera. Kenako anandiuza kuti ndituluke nditseke chitseko. Analankhula okha mphindi makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi.

Atandiitananso anandilumbiritsa kuti mawuwo asamveke kwa munthu mpaka pa arobaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi, abale onse atasonkhana. Anatinso mawu a munthu wakufa si nyimbo yoti iziyenda pa WhatsApp. Ndinavomera.

Titawaika m'manda sindinauze aliyense za vidiyoyo, ngakhale amayi. Ndinauza inu nokha. Ndinu wamkulu, ndinu amene munandiphunzitsa kusambira, ndikanauza ndani?

Poyamba munati ndikutumizireni vidiyoyo. Ndinakana, ndinakukumbutsani lumbiro. Patapita masiku awiri munaimba ndi mawu okoma ngati uchi. Munati foniyo ndi yotopa, ikhoza kufa tsiku lililonse mawu a ababa n'kupita nayo. Munati ndiipititse kwa mnzanu Hashim, uja ali ndi kashopu ka mafoni ku Kamuzu Road, akailute.

Ndinafunsa kuti kuluta n'chiyani. Munandifotokozera kuti foni iliyonse ili ndi chipinda chamkati chimene opanga anakhoma, ndipo kuluta n'kutenga makiyi a chipindacho. Munati popanda kutero vidiyo yaikulu choncho singatuluke yathunthu kupita pa memori khadi. Ndinafunsa ngati palibe choopsa. Munaseka, munati mwakhala zaka zisanu ndi ziwiri mukukonza mafoni ku Joni, ine wa usipa ndikuphunzitseni ntchito?

Ndinachita manyazi. Lachiwiri m'mawa ndinasiya usipa ndi Asiya, mwana wa azakhali, n'kukwera minibasi.

Hashim anandilandira ngati mfumukazi. Anandipatsa mpando, anandigulira fanta. Analumikiza foni ku laputopu yake, n'kuitembenuzira kukhoma. Panthawi ina pa foni panatuluka zolemba zambiri zachizungu, zina zofiira. Ndinasuzumira, iye anadina msanga n'kunena kuti ndi moni chabe wa kampani.

Patapita ola magetsi anathima, ndipo laputopu yake, imene batire lake linafa kalekale, inathima nawo. Hashim anagwira mutu. Anati foni yazimira pakati pa ntchito, ndiye yasanduka njerwa. Anandiuza kuti amatero a ntchito yawo foni ikafa osayakanso. Anadina apa, anadina apo, anaiika pa chaja, koma galasi linali bii.

Ndinalira pamaso pa anthu, achimwene. Mayi wamkulu ngati ine, kulira m'shopu, oyendetsa kabaza akusuzumira pakhomo. Nditakuimbirani pa foni ya Hashim munati Inna lillahi, zonse ndi za Allah, ndisadziimbe mlandu. Ndinabwerera kunyumba ndikukuthokozani mumtima chifukwa cha mawu amenewo. Uchitsiru wanga unafika pamenepo.

Pa arobaini mukudziwa zimene zinachitika, munali pa foni ya amalume, ataikweza mawu kuti onse amve. Ashehe atamaliza pemphero la dua ndinaimirira ndi foni yakufa m'manja, n'kufotokoza zonse. Amalume anafunsa ngati pali wina amene ankadziwa za vidiyoyi, ndipo ndinatchula inu.

Munati inde ndinakuuzanipo, koma inu munandilangiza kuti ndisaigwiregwire foniyo. Munati za Hashim mwazimva zitachitika kale. Ndinkadikira kuti museka, munena kuti mukucheza.

Kuchokera tsiku limenelo akazi a amalume akuyenda nazo m'mudzi monse. Akuti ndinaipha dala foniyo chifukwa ababa sanandipatse malo a kugombe pamene pali mathandala anga. Ena akuti vidiyo kunalibe n'komwe. Kumsika ndikafika nkhani zimaduka. Amayi akandiyang'ana ndimaona funso m'maso mwawo, ndipo zimenezo ndiye zikundidya.

Sabata yatha kunabwera amuna awiri ndi tepi yoyezera, akukhoma zikhomo kuzungulira mathandala. Anati atumidwa ndi bwana wina wofuna kumanga loji, ndipo analankhula kale ndi mwana wamkulu wa malemu. Ndinawathamangitsa ndi nkhafi. Koma mutu wanga unayamba kugwira ntchito tsiku limenelo.

Lachinayi ndinatenga njerwa yanga ija kupita nayo kwa mayi wina dzina lake Stella, amakonza mafoni kuseri kwa depoti ya mabasi. Sindinamuuze za banja lathu. Ndinangoti munali vidiyo yofunika, ndipo munthu wina anailuta foniyo kuti akopere vidiyoyo.

Anandiyang'ana ngati ndavala nsapato kumutu. Anati kukopera vidiyo sikufuna kuluta ngakhale pang'ono, kachingwe ndi mphindi zisanu basi. Anatinso poluta foni ngati imeneyi, choyamba amamasula loko wa opanga, ndipo lokoyo akamasuka foni imafufuta zonse zili m'kati, zithunzi, manambala, mavidiyo, n'kukhala ngati yatsopano. Zolemba zofiira zija linali chenjezo limenelo.

Ndinafunsa za magetsi aja. Anati zoona, magetsi akathima pakati pa ntchito foni imafa, ndipo mwina akhoza kuidzutsa. Koma vidiyo inali itapita kale magetsi asanathime. Ikadzuka idzuka yopanda kanthu.

Ndinafunsa funso lomaliza, ngati munthu wokonza mafoni angakhale osadziwa zimenezi. Anaseka pang'ono, anati ngakhale wophunzira wa sabata imodzi amadziwa.

Ndinawoloka msewu ulendo wa kwa Hashim. Sindinakuwe. Ndinaika foni pa tebulo pake n'kumuuza kuti ndikuchokera kwa Stella, ndipo ndikachoka pano ndikupita kwa ashehe a mzikiti umene iye amaswali, akalumbire atagwira Kurani. Nkhope yake inagwa. Paja khoswe wa padenga anaulula wa padzala.

"Achemwali, za magetsi sindinapange dala. Koma loko uja, achimwene anu anati ndimasule basi, zotsatira zake akuzidziwa."

Anandionetsa uthenga wanu pa foni yake. Ndinauwerenga kawiri. Munalemba kuti akamaliza andiuze kuti vidiyo yawonongeka yokha.

Achimwene, mwandigwiritsa fuwa la moto. Munandituma ndekha, ndi miyendo yanga, ndi thiransipoti yanga, kukapha mawu a bambo wanga, kenako n'kundisiya ndiime pakati pa abale ngati mbava. Akanachita mlendo ndikanati ndi dziko. Ndakwiya, ndipo sindibisa. Pa swala ndikafika potchula abale mu dua, dzina lanu ndimalephera kulitchula.

Ndikudziwa chimene munkaopa. Munkaganiza kuti ababa andipatsa ine gombe lija pamaso pa anthu, malonda anu a loji aja n'kufera m'mazira. Simunandifunse n'komwe kuti m'vidiyomo muli chiyani, chifukwa munkadziwa kuti Nafisa saswa lumbiro.

Apa ndiye pali chimene sindinauze munthu, ndipo Allah andikhululukire. Lumbirolo ndinaliswa.

Linali tsiku lachisanu ndi chinayi chimwalirire ababa, masana, ndili ndekha pansi pa thandala. Ndinawasowa kwambiri. Ndinati ndingoona nkhope yokha, ndingomva kutsokomola kwawo. Ndinatsegula.

Anakonza chisoti, anayang'ana m'foni ngati akufuna munthu m'katimo. Sanatchule ine, sanatchule amayi, sanatchule malo. Anati:

"Abdallah mwana wanga, khala pansi. Zaka zisanu ndi ziwiri sitinalankhulane chifukwa cha injini ija ya boti. Ndinakutcha wakuba pamaso pa asodzi anzako, iwe n'kuchoka. Injiniyo sunabe ndiwe, ndinadziwa chaka chomwecho, koma manyazi anandimanga pakamwa. Tsopano tamvera ndikuuze."

Anapitiriza pang'ono, akukutchulani dzina lija ankakuitanani muli mwana. Misozi inkatsikira m'ndevu. Ine moyo wanga wonse sindinawaonepo ababa akulira. Ndinayang'ana pansi pa vidiyo, inali pa mphindi yachinayi. Ndinatseka. Mawuwo sanali anga, ndinachita mantha ngati ndatsegula kalata ya mwini.

Zimene zinali mu mphindi makumi awiri ndi ziwiri zotsalazo sindikuzidziwa. Mwina gombe analitchula, mwina ayi. Mwina anapatsa ine, mwina inu. Amene anaba injini anamutchula kapena sanamutchule, kaya. Ndinkati mudzamva nokha pa arobaini, pamaso pa amalume ndi asodzi omwe aja, dzina lanu n'kuyera. Ndinkawerenga masiku ndi chimwemwe, ndikukusungirani ngati mphatso.

Ndikanakuuzani tsiku lomwelo, bwenzi foniyo ili moyo. Ndinabisa chifukwa cha manyazi oswa lumbiro. Mbali imeneyo ndi yanga, ndiisenza ndekha.

Pempho langa ndi limodzi. Muimbire amalume, akweze mawu ngati tsiku lija, amayi ali pomwepo, munene amene ananditumiza kwa Hashim. Za gombe tidzakangana bwino ngati abale, zikhomo zija ndazizula ndasonkhezera moto. Koma amayi asapite kumanda akuganiza kuti mwana wawo wamkazi anatseka pakamwa pa mwamuna wawo. Mukapanda kuimba pofika Ijumaa, Lachisanu lotsatira mutalandira kalatayi, ndipita ndi Hashim kwa ashehe.

Stella anafunsa ngati aidzutse foniyo. Ndamuuza ayi. Ndaipatsira a Lawson pamodzi ndi kalatayi, ili mu envelopu yomweyo. Inu ndinu katswiri wa zaka zisanu ndi ziwiri. Muitsegule, mufufuze m'chipinda chamkati chija munatenga makiyi ake, mwina mukawapezamo ababa akukudikiranibe kuti mukhale pansi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, muwauze kuti azakhali awo amawakumbuka. Amayi akupereka moni, sakudziwa zimene ndalemba muno. Allah akusungeni, akupatseni thanzi, ndipo akupatseni mtima wonyamula zimene mwawerengazi.

Ndine mlongo wanu,
Nafisa