Batani Lobiriwira la Azakhali

Lolemba, 9 Juni

Pamsonkhano wa lero tagwirizana kuti aliyense apeze munthu wosadziwa za makompyuta, amupatse pulogalamu yathu yotumizirana mauthenga, aone ngati angaigwiritse ntchito payekha. Lamulo ndi limodzi: ukhalire manja ako. Osagwira foni, osaloza, osatsokomola.

Wandevu, mnzanga amene analemba mbali yaikulu ya pulogalamuyi, akuti ngakhale mwana angathe. Wandevu alibe mwana.

Ine ndasankha azakhali, atelala athu. Zangokumana bwino, chifukwa msuweni wanga, mwana wawo uja amagwira ntchito kutali, anandiimbira dzulo. Akuti pali nkhani ya kuchipatala imene akufuna azikambirana ndi amayi ake, koma chilichonse chimene watumiza, pofika madzulo msewu wonse umakhala ukuchidziwa. Akukhulupirira kuti pali kazitape amene akutchera khutu pa foni ija. Kuimba nakonso sikuthandiza. Azakhali amaika foni pa sipika n'kumabwereza mawu onse mokweza ngati womasulira wa mlaliki.

Ndamuuza kuti mtima m'malo. Uthenga wa pa pulogalamu yathu palibe angautsegule panjira, ngakhale ife eni akefe. Ndalankhula motumbwa ndithu.

Lachiwiri, 10 Juni

Shopu ya azakhali: makina awiri, benchi imodzi, galasi long'aluka pakona, ndi anthu amene sanabwere kudzasoketsa chilichonse. Mkulu wawo ndi Mayi Wailesi. Diresi lawo linatha kalekale koma salitenga, kuopa kusowa chobwerera.

Ndafotokoza kuti pulogalamuyi ndi yaulere, ndipo mmene inapangidwira zonse zili poyera, aliyense angathe kuitembenuza n'kuona misoko yake. Azakhali agwedeza mutu. "Chovala chosaopa kutembenuzidwa ndiye chovala. Nanga inu mumadya chiyani?" Ndasintha nkhani.

Ndakhalira manja. Tsamba loyamba lili ndi ndime zitatu za Wandevu zofotokoza mmene timabisira mauthenga. Azakhali aliyang'ana, aliika patali, alibweretsa pamphuno. Kenako: "Mayi, tandiwerengereni apa, magalasi ndaiwala." Foni ulendo kwa Mayi Wailesi.

Itafika nthawi yosankha mawu achinsinsi, azakhali afunsa maganizo kwa benchi yonse. Wina wati dzina la mphaka wawo. Mayi Wailesi akuti limenelo n'lalifupi, awonjezere chaka chimene anakwatiwa, ndipo chakacho achitchula okha Mayi Wailesiwo. Bambo wina wodzasinthitsa zipi wawomba m'manja. Mawu achinsinsi avomerezedwa ndi onse, popanda wotsutsa.

Manja anga achita dzanzi.

Lachitatu, 11 Juni

Ndauza gulu. Wandevu: "Vuto si pulogalamu, vuto ndi azakhali akowo." Akufuna tiwonjezere chenjezo loti foni osapatsa ena. Ndime yachinayi! Ndamufunsa kuti chenjezolo akawerenga ndani, Mayi Wailesi?

Masana msuweni watumiza uthenga woyesera: "Amayi mwadya?" Uthengawo wayenda ulendo wonse uli wokhomakhoma, palibe wausuzumira panjira. Wafika bwinobwino m'manja mwa Mayi Wailesi, amene auwerenga mokweza n'kuyankhanso okha: "Adya koma pang'ono." Kazitape uja tamupeza. Amakhala pa benchi.

Ndaimbira msuweni kuti ndimuseke. Sanaseke. Akuti amayi ake ali ndi ng'ala m'maso onse awiri, zilembo sakuzionanso. Akusoka poyendera manja, chifukwa manja akukumbukira. Tsiku la opaleshoni limveka Loweruka, ndipo achipatala adzauza iyeyo. "Msuweni, Mayi Wailesi akangodziwa, ndani adzasiye nsalu yake kwa telala wosaona? Shopu ija ndiye moyo wawo."

Zandipweteka. Magalasi oiwalidwa aja anali pakhosi pawo, pa kachingwe, tsiku lonse dzulo. Ndinawaona ndi maso angawa, koma mutu unali pa ndime za Wandevu.

Lachinayi, 12 Juni

Ndakulitsa zilembo. Ndazikulitsa zedi.

Zotsatira: azakhali akuonabe chifunga chokhachokha, koma wokonza njinga wa tsidya lina la msewu wawerenga "AMAYI MWADZUKA BWANJI" ali pa ntchito yake, n'kukuwa kuti adzuka bwino, anawaona akusesa. Zilembo ndazibwezera.

Kenako ndayesa zoti foni izitseguka ndi chala m'malo mwa dzina la mphaka lija, limene tsopano ngakhale ana a sukulu akulidziwa. Chala chachikulu, foni yakana. Masingano a zaka zonsezi anafufuta mizere. Cholozera, yakana. Chapakati, yakana. Foni ikuti munthu ameneyu siikumudziwa.

"Iuze kuti ndinaigula ndine," atero azakhali.

Pomaliza kavomera ndi kachala kakang'ono, kamene sikanagwirepo ntchito chibadwire. Tsopano amatsegula foni atapinda zala zinazo, kachalako kali njo, ngati abwana akumwa tiyi. Benchi yaseka mpaka misozi.

Lamulo la manja lija ndaliphwanya lero. Ku gulu sindikanena.

Chinanso ndaona: akafuna kulowetsa ulusi pa singano amaitana aliyense amene ali pafupi, ati "ndione ngati maso ako ali ndi ntchito." Onse amaona ngati masewera.

Lachisanu, 13 Juni

Tsiku lonse pa kompyuta ndi Wandevu. Sindinamuuze za ng'ala, si nkhani yake. Ndangoti pali anthu amene kuwerenga kumawavuta, ndipo munthu wotere akapatsidwa zilembo amapempha mnzake, ndiye chinsinsi chathera pomwepo.

Tapanga chonchi: zilembo zonse zichoke. Pakhale batani limodzi lalikulu lobiriwira, lodzaza foni yonse. Uthenga ukhale wa mawu. Ulankhule pokhapokha mwini wake wagunda ndi chala chake n'kuika foni pakhutu. Akaichotsa pakhutu, zii. Akafuna kuyankha, apanikize batani lomwelo n'kulankhula.

Wandevu walira maliro a ndime zake. Tagwirizana kuziika kuseri, pa kabatani kolembedwa "Kwa okonda kuwerenga". Akuti ndamunyoza. Koma munthuyu akagwira ntchito amagwiradi, pofika madzulo zonse zinali zitatheka.

Ndapita kukaika pa foni ya azakhali shopu itatsekedwa. Tayesa, zayenda. Ndawatumizira uthenga ndili pakhomo: "Azakhali, mphaka ali pa nsalu." Iwo foni pakhutu, kukuwa: "ATI MPHAKA ALI PA NSALU!"

Chimenechi ndiye sitingakonze. Pakamwa pa azakhali palibe batani lake. Ndikuopa mawa.

Loweruka, 14 Juni

Shopu yodzaza. Mayi wina wabwera ndi nsalu yodula ya diresi la mwana wake, mwanayo akuyezedwa pakona. Wokonza njinga wabwera kudzabwereka sizasi. Mayi Wailesi pamalo pawo. Ine kumapeto kwa benchi, manja pansi pa ntchafu.

Foni ya azakhali yalira.

Mayi Wailesi atambasula dzanja osayang'ana n'komwe, chizolowezi. "Bweretsani ndikuwerengereni." Ndipo azakhali, mayo ine, apereka!

Ndinafuna kudumpha. Ndinafuna kukomoka dala. Ndangokhala.

Mayi Wailesi ayang'ana foni: chobiriwira chokhachokha. Adina. Zii. Adinanso ndi chala china. Aigwedeza, aipukuta pa bulauzi, aiika pakhutu. Zii. "Mwana wa achimwene anuyu wakuonongerani foni," atero, akundiyang'ana ngati ndaba nkhuku. "Inali foni yabwinobwino, yochezeka."

Azakhali ailandira. Kachala njo. Pakhutu.

Makina aima. Anthu onse akudikira nkhani monga mwa masiku onse. Ndaona nkhope ya azakhali ikusintha pang'onopang'ono, dzanja linalo lagwira m'mphepete mwa tebulo. Uthengawo unali wautali. Atachotsa foni pakhutu, akoka mpweya, atsegula pakamwa.

"ATI..."



"Ati chiyani?" Mayi Wailesi asendera kutsogolo.

"Ati... kumeneko kukugwa mvula."

"Basi? Nthawi yonse ija?"

"Yambiri," atero azakhali, n'kuponda makina.

Mayi Wailesi akwiya, atenga diresi lawo lija n'kumapita. Patangopita kanthawi abwerera nalo, ati likuthina m'khwapa.

Lamlungu, 15 Juni

Ndagona tsiku lonse. Wandevu watumiza mauthenga ambirimbiri, ndime zokhazokha.

Lolemba, 16 Juni

M'mawa ndafotokozera gulu kuti zatheka, munthu wanga wagwiritsa ntchito pulogalamu popanda thandizo. Wandevu akuti ankadziwa kale kuti batani limodzi ndi lokwanira. Ndamusiya.

Tili mkati mokangana za mtundu wa batani, iye akufuna labuluu, foni yanga yalira. Chobiriwira. Kuchokera kwa azakhali. Palibe anawathandiza, ine ndinali kuno.

Ndagunda, ndaika pakhutu. Poyamba phokoso la nsalu, ndikuganiza analowa kuseri kwa katani koyezera zovala. Kenako mawu apansipansi. Chibadwire sindinamvepo azakhali akunong'ona.

"Iwe. Ndikudziwa kuti msuweni wako anakuuza, pakamwa pake ndimapadziwa, anatengera ine. Ndi Lachinayi m'mawa. Ayamba ndi diso lakumanja. Anthu ndawauza kuti ndikupita kukagula nsalu." Kenako: "Ndikuopa, mwanawe. Udzandiperekeze. Udzandigwire dzanja, usadzakhalire manja ako ngati chitsiru."

Ndamvetseranso kachiwiri. 

Wandevu anali akundiyang'ana. "Ndi azakhali aja? Akuti chiyani, pali chavuta pa pulogalamu?"

Shopu ya azakhali ili kuseri kwa msewu wathu womwewu, ndipo pa windo dzuwa linali phwee, kopanda ndi kamtambo komwe.

Ndamuuza kuti akuti kumeneko kukugwa mvula.