Kompyuta Ikadzuka Imaboola Malaya

Achemwali anga okondedwa,

Landirani moni, inu ndi onse pakhomopo. Kodi mwendo wa amayi unaphwa, kapena ukutupabe? Nanga alamu chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno thupi lili bwino, ndikudya, ndikuyenda. Mtima ndiwo suli m'malo, ndipo poti inu simunamizika ndi mawu okoma, ndingokuuzani zonse.

Mukudziwa kuti amalume ndiwo anandipezera ntchito kushopu yopeta mabaji pamalaya. Chimene simukudziwa n'chakuti anauza mwini shopu, mayi wamasiye wosakonda zoseka, kuti ine ndine katswiri wa makompyuta. Ukatswiri wake uti, achemwali? Wa miyezi itatu ija ndinaphunzira kutaipa makalata? Tsiku limenelo ndinangowerama osatsutsa, chifukwa ntchito ndinkaifuna. Lero bodzalo ndikulisenza ndekha.

Ntchito yake imayenda chonchi. Chithunzi cha baji chimakhala m'kompyuta, ndipo kompyutayo imatumiza malangizo pachingwe kupita ku makina a singano. Ine ndimakunga nsalu pamkombero, kuika ulusi, n'kudina batani. Baji imodzi imatenga mphindi khumi ndi ziwiri. Koma kompyutayi ikangoona kuti papita mphindi zisanu munthu asanaikhudze, imagona, sikirini yonse bii. Makina amasoka pang'ono n'kuima, kudikira malangizo ena.

Mavuto amayamba ndikaidzutsa. Fani ya m'kati imalira ngati chigayo, kamuvi ka mausi kamayenda modumphadumpha, ndipo malangizo amafika ku makina moduladula. Singano imangobaya malo amodzimodzi mpaka ulusi kumanga chimfundo, nsalu n'kubooka. Sabata ino yokha ndaboola malaya asanu ndi anayi a ana asukulu. Ndawapinda bwinobwino pansi pa tebulo ngati kuti kupindako kutseka mabowo.

Musaganize kuti ndangokhala manja lende. Pali kawindo kena kamene kamaonetsa zonse zimene kompyuta ikuchita. Ndikakatsegula isanagone, pulosesa, yomwe ndi ubongo wake, imakhala pa sikisi kapena pa seveni. Ikangodzuka imakwera mpaka pa handiredi, pomwe ndi pothera mphamvu zake, n'kukakamira pomwepo. Pamwamba pa mndandandawo pamakhala kapulogalamu ka dzina lalitali la Chingerezi, kakudya mphamvu yonse kokha. Ndinakatseka. Kanabwerera ndisanachotse n'komwe chala pamausi.

Loweruka masana anzanga ataweruka ndinatsalira. Ndinazula zingwe chimodzichimodzi, cha pulinta, cha intaneti, cha sipika, ndipo nthawi iliyonse ndinkaigoneka n'kuidzutsanso kuti ndione ngati yasintha. Ndinatsegula kumbuyo n'kupukuta fumbi ndi kaburashi. Palibe chinasintha. Kuizimitsa n'kuiyatsanso kumaiziziritsa mtima, inde, koma makina amaiwala pamene anafika. Tsiku lina ndinayesa kupitiriza baji mongoyerekeza, kambalame ka pabaji yasukulu kanatuluka ndi milomo iwiri.

Pansi pa masitepe a nyumba imene muli shopu yathuyi pamakhala bambo wina wokonza mafoni. Ndinamufunsa mwakachetechete, ngati ndikufunsira mnzanga. Iye anaseka n'kunena kuti mnzangayo akufanana nane mawu ndi nkhope yomwe. Kenako anandiuza kuti mwina vuto ndi madiraiva, timapulogalamu tolumikiza kompyuta ndi makina. Akuti akakhala akale, kompyuta imadzuka iwo osadzuka nayo, ndiye imangowaitana osaleka mpaka kutha mphamvu. Anati ndiike atsopano, kapena ndingoiletsa kugonako.

Ndinathamanga pamasitepe ndili ndi chimwemwe. Njira zonse ziwirizo zinakathera pakabokosi kofuna mawu achinsinsi. Anawaika ndi munthu amene ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere, ndipo anachoka atakangana ndi mayi aja. Nambala yake ya foni sikupezekanso. Mayiwo anayesa mayina a ana awo, tsiku lawo lobadwa, dzina la malemu amuna awo, koma kabokosiko kanangogwedezeka n'kukana.

Ndiye panopa ntchito yanga yeniyeni ndi yogwedeza mausi. Mphindi zinayi zilizonse ndimaikankha ndi chigongono kuti kompyuta isagone, kwinaku manja akudula ulusi. Chakudya chamasana ndimadyera pomwepo, diso lili pawotchi. Lachitatu m'mimba munandivuta, ndinapita kuchimbudzi mothamanga, koma ndinapeza muli munthu. Pobwerera ndinapeza sikirini yada kale. Ndinaima pamenepo ndikudziwa kuti ndikaidzutsa malaya abooka, ndikapanda kuidzutsa ntchito yaima. Ndinaidzutsa, malaya anabooka.

Musaseke, koma ndinafika pomangirira mausi ndi ulusi ku mkombero wa makina, kuti makinawo akamayenda aziikoka okha. Zinatheka m'mawa umodzi wathunthu, moti ndinamwa tiyi ndi manja awiri. Masana ulusi unakoka kwambiri, mausi inagwa pansi n'kusweka batani limodzi. Mnzanga wosita, amene timamuti Nthunzi, mpaka lero akandiona amandichitira sawatcha n'kunditchula injiniya.

Dzulo ndinalimba mtima n'kupempha mayi aja kuti aitane wokonza makompyuta weniweni. Anakana. Akuti anafunsapo wina, ndipo iyeyo anawauza kuti popanda mawu achinsinsi njira yake n'kufufuta zonse n'kuyambiranso, komanso kuti sangalonjeze kuti pulogalamu yakale yopetera idzagwiranso. M'menemo muli mabaji a makasitomala a zaka zisanu ndi zitatu, ambiri anajambula ndi malemu amuna awo. Sindingawanene, achemwali, ndinaona mmene anagwirira tebulo polankhula zimenezi. Kenako anandiyang'ana m'maso.

“Amalume ako anandiuza kuti ndiwe katswiri. Ndiye ananama ndani, iwo kapena iwe? Undiyankhe Lolemba.”

Sukulu ikufuna malaya mazana awiri Lachisanu likubwerali, ndipo ndamaliza makumi asanu ndi atatu okha. Mayiwo anenetsa kuti malaya ena akangobooka afuna munthu wina. Ndikuopa, ndipo ndatopa. Sindikudziwanso chingwe china choti ndizule.

Amalume sakudziwa kalikonse. Madzulo tikamadya amauza alendo kuti mphwawo amayendetsa makina ndi chala chimodzi, ndipo azakhali amandiwonjezera ndiwo. Iwo ndi mayi aja amapemphera tchalitchi chimodzi, amakhala benchi imodzi. Munthu amene wandisunga m'nyumba mwake chaka chonse, ndikamuchititse manyazi pamaso pa mnzake? Sindingathe. Lolemba ndikawauza mayiwo kuti ananama ndine, kuti ndinanamiza amalume omwe. Zimene adzagamule pambuyo pake sindikuzidziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Ndinamva kuti alamu akufuna kugulitsa makina osokera a malemu abambo, opalasa ndi mapazi aja, poti akungodzaza malo kuchipinda. Chonde auzeni adikire kaye. Muwavundukule, muthire mafuta pang'ono m'magudumu, ndipo muone ngati lamba wake sanaume. Amayi akafunsa chifukwa chake, muwauze kuti ndangowakumbuka abambo. Zinazi musawauze, mwendo wokhawo ukuwakwanira.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa adzukulu awo a amayi onse atatu, ndi kwa azakhali aang'ono. Mng'ono wathu wotsiriza mumuuze kuti asathamangire kubwera kuno monga tinapanganira. Malo okhala amene ndinamulonjeza kuno aja, mwina ndine amene ndikhala ndikuwapempha kwanuko.

Ndatha ine mlongo wanu,
uja mumamuti Kasingano