Nkhope ya malemu amuna anga sikuoneka pa DVD

Aphungu,

Tsiku limene amuna anga anabwera ndi DVD kuchokera ku Limbe, ataikulunga m'jekete chifukwa cha mvula, ana apafupi anadzaza m'nyumba, ena akusuzumira pawindo. Amuna angawo ankangoti, "Mayi a Ida, musaigwire ndi manja onyowa." Papita zaka zambiri. Makinawo alipobe, TV yakale ya chimbuyo ija iliponso, koma woonera ndatsala ndekha.

Bambowo anamwalira chaka chatha. Kanema wawo womaliza ndi wa pa chinkhoswe cha mwana wathu Ida, pomwe anavina mpaka kuvula nsapato. Anajambula ndi Onesimo, mwana wawo wa kwa mayi ena, pa kamera yake yabwino, ija amati HD. Ida, yemwe ali ku Joni, ananditumizira pa WhatsApp. Maso anga pafoni saona bwino, ndiye ndinapita nayo kwa bambo wina woika mafilimu pamsika. Anaika pa disiki, n'kuwonjezerapo makwaya atatu, akuti "kabonasi, mami."

Aphungu, nditaika ndinalira. Anthu onse atalika ngati nsungwi, nkhope zili mbuu. Amuna anga ndikuwazindikira ndi tayi yokha. Kanema weniweni ali ndi Onesimo ku Bangwe, koma chigawire katundu wa malemu sitinalankhulane. Nambala yake ndayilemba m'munsimu, kuyimba ndikuopa. Kodi palibe njira yokonzera wa pafoniyu?

G.C., Chilomoni

Mayi G.C.,

Pepani ndi imfayo. Ndisakunamizeni: wa pafoniyo sangakonzeke. WhatsApp imafinya kanema kuti apepuke, ndipo zomwe yataya sizibwerera. Makwaya aja anangowonjezera vuto, chifukwa disiki ikapanikizidwa zinthu zambiri, chilichonse chimafooka.

DVD siingasunge kuwala konse kwa HD, koma ikapangidwa mosamala, pa TV yanuyo nkhope muiona bwinobwino. Kanema achoke pa kamera kapena pa kompyuta ya Onesimo, alowe pa fulashi, osadutsa pafoni. Wokonzayo mumuuze kuti disikiyo ndi ya chinkhoswe chokha, ndipo ngati chapitirira ola limodzi achigawe pa madisiki awiri. Asankhe PAL, mtundu womwe ma TV athu kuno amawerenga. Chithunzi asachikoke kuti chidzaze sikirini, n'zimene zinatalikitsa anthu zija. Mizere yakuda pamwamba ndi pansi ilekeni, siilakwa. Muonere pomwepo musananyamuke.

Chenjezo langa: fulashiyo musabwereke munthu, ndipo musalole kuti wokonzayo afufute kanemayo. Disiki imakalika, fulashi ndiyo mbewu yanu.

Koma mayi, m'kalata yanu ndamvamo nyumba yomwe yakhala zii. Munthu sapereka nambala kwa mlendo ngati sakufuna kuti iyimbidwe, choncho ndinayimba. Onesimo anati, "Ine ndimaganiza kuti amayiwo sakufunanso kundiona. Kanemayo chimwalirire adadi sindinamutsegule, ndekha sindingathe."

Abwera Loweruka lino masana, akachoka kuntchito, ndi laputopu yake komanso madisiki atsopano. Wati adzatsikira pa siteji ya kumsika, ndipo wapempha kuti mudzamudikire pomwepo, chifukwa akuchita manyazi kugogoda yekha.