Mtsikana wa pachilangizo watchula mwana wanga

Aphungu,

Ndine mlangizi wa atsikana pampingo wathu kuno ku Nsaru. Pachilangizo cha mwezi watha ndinawauza kuti mwamuna akawagwira mosayenera asabise. Titamaliza, Esther wa Folomu 1 anatsalira n'kundiuza akulira kuti wakabaza wina anamupatutsira m'munda wa chimanga n'kumugwiragwira. Nditafunsa dzina anati, "Ndi a Dyson, mwana wanu."



Mlangizi mnzanga anamva, ndipo pano nkhani yafala msika wonse. Anthu asiya kukwera njinga ya Dyson. Iye akulumbira kuti ndi bodza, ndipo akufuna kusumira makolo a Esther chifukwa chomuipitsira mbiri. Dzulo anandiuza kuti, "Amayi, mukaikire umboni kuti mtsikanayu ndi wabodza, si ndinu mumawadziwa atsikanawa?" Mwana wanga sindinamumverepo zoterezi. Koma Esther nayenso sanandinamizepo. Ndikhulupirire ndani?

N.K., Nsaru

Mayi N.K.,

Nanenso ndadzidzimuka, pepani. Koma inu si woweruza, choncho musadzisenzetse katundu wa khoti. Kumvera Esther si kugamula kuti Dyson walakwa, ndipo kukonda Dyson si chifukwa chotsekera mtsikanayo pakamwa.

Mawa lomwe pitani kwa makolo a Esther, muwalimbikitse kukanena kupolisi, kunthambi yothandiza ozunzidwa, ndiponso kupita naye kuchipatala. Apolisi akakufunsani, nenani zimene munamva ndi makutu anu, osawonjezera, osachotsera. Ulangiziwo muyambe mwausiyira ena mpaka nkhani ithe. Mnzanu wapakamwayo mumudzudzule, wavulaza ana onse awiri.

Dyson mumuuze kuti ufulu wosuma ali nawo, ndipo palibe ayenera kumutcha wolakwa khoti lisanatero. Koma samani ya kukhoti si sopo. Kudandaula kupolisi moona mtima si kuipitsa mbiri ya munthu, ndipo kuthamangira kusumira banja la mwana kufufuza kusanachitike kumaoneka ngati kuopseza. Ngati ndi wosalakwa, adikire kufufuzako, kudzamuyeretsa bwino kuposa samaniyo.

Chenjezo langa ndi ili: achibale abwera kudzakunong'onezani kuti "tikambirane pachiweniweni", mbuzi ili m'manja. Akanizeni. Ndipo musakalumbire kuti Esther ndi wabodza pomwe simukudziwa. Ngati ananena zoona, mudzakhala mwamugwetsa kachiwiri, inu amene anakuthawirani.